Mlendo wa Pansi pa Khadi

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, sachedwa kukamuka. Akafika m'patse mpando, m'thirire madzi osamba m'manja, usamuwerengere mitanda ya nsima, chifukwa dzuwa likangokwera wapita. Mwambi umenewu ndinakula nawo osaukayikira. Koma alipo mlendo mmodzi amene ndakhala ndikumuyang'ana kwa zaka zambiri ndipo sakukamuka, ngakhale ndi dzuwa la kuno ku Balaka limene limawaula chimanga chili chiimire m'munda. Malo ake ndi pansi penipeni pa khadi la ukwati, kumunsi kwa maluwa ndi nkhunda ziwiri zija, kumunsi kwa vesi ndi dzina la holo. Ndi zilembo zinayi zokha: RSVP. Pambali pake pamakhala manambala a foni awiri, ina ya kuchimuna, ina ya kuchikazi.

Ine ndinadziwana naye bwino chaka chimene msuweni wanga ankakwatiwa. Komiti ya ukwati inakumana pakhonde pa azakhali Lamulungu masana, aliyense akudzikupiza ndi kope kapena chipewa. Anagawana maudindo: awa za zophikaphika, awa za mayendedwe, awa zokongoletsa holo, awa kukhala patebulo losinthira ndalama nthawi ya perekaniperekani. Atafika pa ine, wapampando anangoti, "Achimwene, inu foni yanu sizimazima. Mukhala a RSVP." Onse anagwedeza mitu. Palibe anafunsa kuti ntchito yake ndi yotani, ndipo nane ndinachita manyazi kufunsa.

Makadi atangotuluka, foni inayamba kulira. Wina amafuna kudziwa kuti galimoto yopita kutchalitchi inyamukira pati. Wina amafunsa ngati nsalu ya ukwati idakalipo, ndipo ikupita pa zingati. Mayi wina wa ku Liwonde anandidzutsa usiku kufunsa ngati holoyo ndi ija ya kutsidya kwa njanji. Mnyamata wina wa ku Johannesburg amafuna nambala yotumizirapo ndalama kuti dzina lake likamveke pa perekaniperekani. Agogo ena, amene foni anachita kubwereka, anangofuna kumva ngati mkamwiniyo ali pantchito. Milungu itatu yathunthu ndinali ofesi ya mafunso, koma mwa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati "ndibwera," kapena "pepani, ine ndiye ayi."

Kuti imeneyo ndiyo inali ntchito yanga yeniyeni ndinakazindikira ukwati utatsala masiku anayi. Ndinapita kukasiya khadi kwa aphunzitsi ena opuma amene Chifalansa anachiphunzira kuseminale ali anyamata. Anavala magalasi, nawerenga khadi lonse mpaka pansi, kenako anandiyang'ana. "Ndiye mwana wanga, akuyankha angati?" Ndinangoti kakasi. Anaseka, natembenuza khadilo, nalemba kumbuyo kwake ndi bolopeni: Répondez s'il vous plaît.

Anandiphwanyira mawuwo limodzi limodzi ngati akuswa mtedza. Répondez ndiye kuti yankhani. S'il ndi mawu awiri opanikizana, monga timachitira ife polemba kuti n'kale kapena m'nyumba, ndipo akutanthauza kuti ngati icho. Vous ndi inu. Plaît ndi kukomera munthu. Mukaziphatikiza: yankhani, ngati chingakukomereni. Mawu atatu omalizawo ndiwo chonde wa anthu a ku France, amene amamunena pogula buledi ndi popempha madzi omwe. Khadi lija, titero, limagwada pansi n'kuombera m'manja kuti liuzidwe chinthu chimodzi chokha: kodi tikuikireni mpando kapena ayi?

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mawu amenewa ali pafupi ndi Chichewa kusiyana ndi Chingerezi chimene chinatibweretsera. Mfalansa ali ndi tu ndi vous, monga ife tili ndi iwe ndi inu. Mwana kapena mnzake wa ponda apa m'pondepo amamuuza kuti réponds, yankha. Wamkulu kapena mlendo amamuuza kuti répondez, yankhani. Ka -ez kali kumapetoko ndi ka -ni kathu komwe kaja, kamene mwana akakaiwala polankhula ndi amalume ake amakudzulidwa khutu. Mngerezi iwe wake anam'taya kalekale, anatsala ndi liwu limodzi la mfumu, mkazi wake ndi galu yemwe. Choncho agogo a kwa Nsamala amene sanapondeko m'kalasi, atawamasulira liwu ndi liwu, angamve ulemu uli m'mawuwa msanga kuposa munthu wa ku London.

Nanga Mngereziyo anawatola kuti? Nkhani yake ndi yakale. Mu 1066, William wa ku Normandy, kumpoto kwa France, anawoloka nyanja nagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings. Kuchokera pamenepo, kwa zaka pafupifupi 300, chinenero cha kunyumba ya mfumu, cha m'makhoti ndi cha anthu olemera ku England chinali Chifalansa, Chingerezi chili cha olima ndi oweta nkhumba. Mu 1362 anakhazikitsa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi chifukwa anthu wamba samamva zonenedwa m'khoti, koma lamulo lenilenilo analilemba m'Chifalansa. Ife amene malamulo athu amalembedwa m'chinenero chimene woimbidwa mlandu amachimvera kwa womasulira, tisaseke kwambiri.

RSVP yekha anabwera mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1800, pamene mabanja apamwamba a ku England ankaona kuti chilichonse cha ulemu, kaya ndi chakudya, zovala kapena kavinidwe, chimamveka bwino chikatchulidwa m'Chifalansa. Phwando lawo linali la patebulo lalitali, munthu aliyense mpando wake, mbale yake, mipeni ndi mafoloko ake, ndi kapepala ka dzina lake patsogolo. Mpando wopanda munthu unali manyazi kwa mwini nyumba, munthu wopanda mpando manyazi oposa. Wophika amayenera kudziwiratu nambala. Zilembo zinayizi zinabadwira m'nyumba yotero, ndipo zinafika kuno m'matumba a azungu a boma la atsamunda, amene ankaitanizana ndi makadi ku maphwando awo ku Zomba ndi ku Blantyre. Makalaliki ndi aphunzitsi athu anaona, natengera.

Tisadzinyoze kuti tinawapotoza, chifukwa Mngerezi ndiye anayamba. Iye amalemba kuti please RSVP, kumene kuli kunena chonde kawiri osadziwa. Anawasandutsanso dzina la chinthu, n'kumawerenga ma RSVP amene walandira ngati akuwerenga mazira. Ife tinangopitiriza ulendo, tikuwasandutsa munthu: a RSVP, bambo uja woyankha mafoni. Anyamata a kusekondale ali ndi kumasulira kwawo, amati zilembozo zikuimira Rice and Stew Very Plenty, ndiye kuti mpunga ndi nyama ya msuzi n'zosayamba. Ndi nthabwala, koma ikunena zoona za ukwati wathu kuposa mmene Chifalansa chija chikunenera.

Chodabwitsa n'chakuti alendo ena ochokera ku France komweko anakhazikika pakati pathu popanda vuto. Mukatsika minibasi pano mumati mwafika padepoti. Liwu limenelo ndi dépôt, malo oikapo katundu, ndipo eni ake t wakumapetoyo samutchula. Ife tinamudzutsa t ameneyo, tinam'patsanso i kuti aime bwino. Galaja, hotela, lesitilanti, saluni, ngakhale madamu amene bambo amaitana mkazi wake akafuna kum'sangalatsa, onsewa ndi Afalansa amene anadzera ku England. Anafika ngati akamwini, anapatsidwa mbuto, analima, ndipo lero palibe amawafunsa kwawo. Chimodzimodzi zenera, kalata ndi nsapato, amene anachokera kwa Apwitikizi.

Ndipo tauni ino ya Balaka ili ndi malo a dzina la Chifalansa pamphumi pake: ku Montfort. Montfort ndiye kuti phiri lolimba. Ndi dzina la katauni ka ku Brittany kumene Louis-Marie Grignion anabadwira mu 1673, wansembe amene anayambitsa chipani cha ansembe a Montfort. Ansembe ake oyamba kubwera m'dziko muno anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Utale kuno kwathu. Eni dzinalo ma t onse awiri sawatchula, ife timati Montifoti, ndipo wakabaza aliyense akufikitsani pakhomo pake osafunsa kawiri. Ndi pamakina osindikizira a ansembe amenewa pamene panatuluka kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Pansi pake panalibe zilembo zopempha yankho, koma mayankho anabwera: ena anayankha ndi moto umene anakayatsa pamakinawo, dziko lonse linayankha pa referendamu ya pa 14 Juni 1993. Koma apa ndasochera, ndibwerere kuukwati.

Mwa alendo onsewa, RSVP yekha ndiye sanavale chovala cha kuno. Sitinam'patse ka i kumapeto, sitinam'fewetse, timangotchula zilembo zake chimodzichimodzi monga mwana wa sitandade wani. Ndikuganiza kuti chifukwa chake ndinachipeza madzulo a tsiku lomwe lija, nditachoka kwa aphunzitsi. Ndinapeza azakhali kuseri kwa nyumba akupeta chimera cha thobwa, ndipo ndinawafunsa ndi nzeru zanga zatsopano: "Azakhali, kodi tikuphikira anthu angati?"

Anaimitsa lichero. "Iwe, wayamba liti kuwerenga anthu ngati mbuzi?"

"Ayi, ndimati tidziwe kuti mpunga ukwana."

"Kwa amalume ako ku Ulongwe kubwera lole. A ku Phalula abwera panjinga. A mpingo ndiye ukuwadziwa. Mapoto aakulu aja tabwereka asanu. Ukufunanso chiyani?"

Azakhali anali atawerenga, koma sanawerenge mitu. Anawerenga midzi, ubale ndi mapoto. Ndipo mayankho anali atawalandira kale, ine wafoni ndisakudziwa. Amayi amene anabwera ndi mtolo wa nkhuni Lachitatu anali atayankha. Amene anatumiza mwana ndi ndowa ya ufa anali atayankha. Amene anabwera kudzathandiza kusinja, amene anabwereketsa poto, amene anati mbuzi ija mukaitenge Lachisanu, onsewa anali atanena kuti tibwera, ndipo tibwera ndi athu. Kwathu kuno kuitana kumayankhidwa ndi manja ndi miyendo. Kupatsa n'kuika: amene anasenza nkhuni pa ukwati wa mwana wako, sufunika kum'funsa ngati adzafike, monganso iwe sudzadikira khadi pa wa mwana wake.

Pakamwa pokha ndiye pamavuta. Zilembo zija zikufuna mawu awiri, ndipo onse awiri ndi olemera palilime lathu. Kuuza munthu amene wakulemekeza ndi khadi kuti "sindibwera" kumamveka ngati kudula chibale. Kunena motsimikiza kuti "ndibwera" kukadali mwezi wathunthu kumamveka ngati kudzitenga mwini wa mawa. N'chifukwa chake timati tiona, timati Mulungu akalola, anzathu achisilamu amati Inshallah, ndipo woitana amamva zonse zimene zili m'kati mwa mawu amenewo. Pamaliro ndiye palibe n'komwe khadi: uthenga ukangomveka, masamba akaikidwa pamsewu, anthu amasiya makasu. Pa sadaka ya kwa Kalembo mpunga umaphikidwira aliyense amene wafika, wodutsa ndi njinga yemwe. Sadaka nalonso ndi liwu lobwera, lochokera ku Chiarabu, koma linapeza mwambo wolilandira uli kale pakhomo. RSVP anapeza pakhomo palibe mpando wa msinkhu wake.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, azakhali atapambana, ine ndi Chifalansa changa titagonja. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka mlendo uyu ndinakaona Loweruka.

Ukwati wa msuweni wanga sunali wa pabwalo pansi pa mtengo, pamene thobwa likachepa amathiramo madzi, nsima ikatha amateleka ina. Unali wa muholo. Mipando inali yobwereka, yolipira umodziumodzi. Zakumwa zinagulidwa ndi makireti. Chakudya cha kuholo, kusiyana ndi cha m'mapoto a azakhali chimene chinadyedwa kunyumba usiku wa Lachisanu ndi m'mawa, chinaikidwa m'timabokosi towerengeka, chifukwa achinyamata a m'komiti anati ndi mmene akuchitira anzathu masiku ano. Nyimbo zitangoyamba kugunda, holo inadzaza. Analowa oitanidwa, analowa abale a oitanidwa, analowa ndi anyamata amene anangomva zokuzira mawu ali kumsika. Timabokosi tinayambira kukhomo, kumene kunali amphamvu zolanda, ndipo tinatha tisanafike pakati. Amalume a ku Ulongwe, amene anaumirira kukhala kumbuyo kuti asaoneke odzikweza, anakhala tsonga ndi jekete lawo lakuda kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, atagwira botolo limodzi la chakumwa chotentha. Sanadandaule. Anavina, anaponya ndalama zawo m'lichero, anakwera lole. Koma azakhali anaona, ndipo mpaka lero nkhani ya ukwati uja ikayambika amayang'ana kumbali.

Mlendo sathyola mphasa, n'zoona. Koma mwambi umenewo unanenedwa za munthu mmodzi wogona usiku umodzi pamphasa ya mwini nyumba. Sunanenedwe za chikhamu chokhala pamipando ya pulasitiki imene ikathyoka mwini wake akudikira ndalama Lolemba. Vuto lathu ndi lakuti tinatenga phwando la mbale zowerenga n'kuliika m'nyumba ya chitseko chosatseka. Tikufuna holo, keke ya nsanjika, timabokosi ndi makadi a golide, koma tikufunanso kuti asapezeke wonena kuti anabwezedwa pakhomo pathu. Walira mvula walira matope, ndipo matope ake amaponda ndi mayi wa mkwatibwi, amene amatsala ndi ngongole ya kubanki m'khonde anthu atabalalika.

Ena athana nazo potsata Mngerezi mpaka kumapeto. Khadi limanena kuti ndi la munthu mmodzi, ana asabwere, ndipo pakhomo pamaima anyamata a zifuwa. Ndinaonapo gogo wina atavala nsalu yake yatsopano akubwezedwa chifukwa khadi analisiya m'Baibulo kunyumba, pamene mkwati anam'bereka kumsana ali khanda. Zimenezo ine sindigwirizana nazo, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale mawu a Chifalansa aja sagwirizana nazo. Muja mulibe mawu oti ukapanda kuyankha usabwere. Muli pempho, ndipo muli inu waulemu. Amene analemba koyamba ankafuna kuti mlendo asachite manyazi posowa pokhala. Cholinga chake ndi chomwe chija cha azakhali pobwereka mapoto asanu, kungoti wina amafunsa ndi kalata, wina amayang'ana amene wabwera ndi nkhuni.

Chimene chasintha n'chakuti ambiri a ife sitikhalanso pafupi moti n'kusenza nkhuni Lachitatu. Wina ali ku Lilongwe, wina ku Mzuzu, wina ku Cape Town, ndipo khadi limam'peza pa WhatsApp. Yankho la manja ndi miyendo silingafike nthawi yake, ndipo la pakamwa tikuliopabe. Pakati pamenepo ndi pamene pamagwera amalume ndi botolo lawo.

Chaka chatha mwana wa mlongo wanga naye anapeza banja, ndipo komiti inandipatsanso udindo womwe uja, poti foni yanga sizimazima. Ulendo uno ndinapita ndekha kwa mnyamata wopanga makadi pakompyuta pafupi ndi depoti. Ndinam'pempha kuti pansi alembe m'Chichewa: chonde tiuzeni ngati mubwera, ndiponso mubwera angati. Analemba, nayang'ana pagalasi la kompyuta kwa kanthawi, akukanda m'mutu.

"Bambo, RSVP ndiichotse?"

"Eya, mawu akewo ndi omwe talembawa."

"Koma khadi lopanda RSVP silioneka la ukwati. Anthu aziti ndi la msonkhano wa mpingo."

Tinakangana pang'ono, kenako ndinam'siya. Zilembo zinayi zija zinakhala pamalo pake, Chichewa changa chili pansi pake m'zilembo zing'onozing'ono. Oimba kufunsa za nsalu ndi galimoto anaimba monga kale. Oyankha funso lenilenilo analipo, koma osadzaza zala za manja awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali aphunzitsi opuma aja, amene anati abwera okha ndipo sadya nyama ya mbuzi. Azakhali, osauza komiti, anateleka mapoto awiri apadera kuseri kwa holo, ndipo amalume a ku Ulongwe anadya oyamba.

Inu amene khadi lakupezani mwezi uno, yang'anani pansi pake. Nambala ili pamenepoyo ndi ya munthu amene akuyenera kuuza ophika kuti agule mpunga wochuluka bwanji. Muimbireni. Ngati mukubwera ndi alamu anu ndi ana atatu, nenani kuti tilipo asanu, ndipo ngati simubwera, nenaninso, chibale sichitha ndi zimenezo.